Pomwe Moni Amathera

Kaseye, Chitipa
12 Meyi 2024

Mwana wanga Phyllis,

Mwaghona kumeneko? Ndayamba ndi moni wa kwathu dala, kuti Chilambya chako chopundukacho chisafe chonse. Mlandu ndi wanga, amene ndinakulerera ku Ntchisi ndikuphunzitsa ana a eni zaka makumi atatu n'kuiwala kuphunzitsa wanga. Ife kuno tili bwino. Chimanga tayamba kukolola, ndipo ankhazi ako, mlongo wanga Annette, akupereka moni, ngakhale sanandiuze kuti ndipereke.

Foni ija yafika. Kulemba ndi chala pagalasi kwandikanika, zilembo zake n'zazing'ono ngati mawere. Ndiye ndizilemba papepala monga munthu, n'kujambula, n'kukwera pachulu cha kuseri kwa khola pomwe netiweki imapezeka, n'kukutumizira.

Tsopano za tchesi yomwe unandiikiramo. Kayendedwe ka anthu ake ndakagwira. Kavalo amadumpha anzake, ndipo bishopu sayenda mowongoka, nkhani yomwe sindinawauze ansembe athu. Chomwe chandidabwitsa ndi anthu omwe ndimakumana nawo m'menemo. Alibe mwambo. Gemu ikatseguka ine ndimayamba ndalemba moni m'kabokosi ka mauthenga, kufunsa za kunyumba, za ana ndi za mvula. Ndisanamalize, foni imati gemu yathetsedwa. Anthu asanu ndi awiri andithawa chotere. Mmodzi yekha, Juma wa ku Mbeya, ataona chithunzi changa anayankha ndi moni wa Chiswahili wopatsa akulu kuti, "Shikamoo, mzee." Ameneyo analeredwa. Tsopano timasewera tsiku lililonse dzuwa likapendeka, ndipo amandidya ngati mtedza wokazinga.

Unditumizire malangizo a mmene amayambira, chifukwa ndikuona kuti ndimafera pakhomo penipeni. Ukapeza mpata unditumizirenso magalasi. Anga mwendo umodzi ndamanga ndi ulusi.

Za chipinda chomwe ukuti wandikonzera ku Lilongwe ndamva. Uzigonekamo alendo. Zoti anandipeza pamsewu wa ku Lufita tsiku lija nditatuluka m'tchalitchi, anthu angozikulitsa. Ndinkayenda chabe. Ine si akulu anga a Pius, amene anamwalira osadziwa ngakhale dzina la mkazi wawo. Nyumba ino ndinamanga ndekha, amayi ako agona pamtunda apa, ndipo ine ndikhala pano.

Ndine bambo wako,
Esau Silungwe

Area 25, Lilongwe
15 Meyi 2024

Adada,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Ifenso tili bwino, kungoti kuchipatala odwala achuluka ndipo ndikaweruka miyendo imakhala ngati ya wina. Kalata yanu ndinawerengera m'minibasi, ndinaseka mpaka kondakitala anandiyang'ana. Adada, anthuwo sakuthawani ayi. Mukachedwa kusuntha koyamba, foni imaganiza kuti mwachokapo, ndiye imathetsa gemu yokha. Yambani mwasuntha, moni abwere pambuyo. Ndikudziwa kuti kwa inu zimenezi zili ngati kulowa m'nyumba ya eni uli panjinga.

Za kayambidwe, ine si katswiri, ndinangotola kwa anzanga kusukulu ya unamwino. Koma izi musaziiwale. Choyamba kankhani msilikali wapakati, chifukwa wogwira pakati pa bolodi ndiye amayenda momasuka. Kenako tulutsani akavalo ndi mabishopu, aliyense kamodzi, osati kumangoyendetsa mmodzi ngati mwana wapamtima. Mfumukazi isatuluke msanga. Ikatuluka aliyense amaithamangitsa, inu n'kumangothawa nayo pomwe anthu anu ena akadali m'tulo. Mukatero bisani mfumu pakona, kuseri kwa asilikali atatu, zinthu zisanavute. Ndipo musamangotengera zomwe mnzanu wachita. Muzidzifunsa kaye kuti ameneyu akufuna chiyani.

Magalasi ndipatsira dalaivala wa basi ya Lachisanu, mukatenge ku Boma. Ndikuuzeninso kuti magemu anu onse ndimawaona pafoni yanga, poti ndinakuikani pamndandanda wa anzanga. Ndiye musadzandinamize kuti mwawina.

Za chipinda sindilimbana nanu m'kalata. Koma ine ndine namwino, adada, ndipo kuchokera kutchalitchi kukafika pomwe anakupezani si mtunda woti munthu n'kungoyenda chabe atavala nsapato za Lamulungu. Nditamva ndinachita mantha, ndipo mpaka lero sanathe.

Mwana wanu,
Phyllis

Area 25, Lilongwe
9 Juni 2024

Ankhazi,

Monire. Muli uli? Chitumbuka changa chathera pomwepa, mundikhululukire. Ndikhulupirira kuti mwamaliza kukolola ndipo msana wakusiyani. Kalata iyi chonde musawaonetse adada.

Ndili ndi nkhawa. Ndinawaikira masewera pafoni kuti mutu wawo uzigwira ntchito, komanso, kunena zoona, kuti ndiziona mmene ukugwirira. Pa milungu itatu yapitayi aluza kakhumi ndi kamodzi kwa munthu mmodzi yemweyo, ndipo njira yake ndi imodzimodzi. Mnzawo akakankha msilikali, iwo akankha wawo. Akatulutsa kavalo, iwonso kavalo. Akadya, iwonso adya. Pamenepo ndiye pali msampha, ndipo amagweramo tsiku ndi tsiku ngati sanauonepo. Ndawaimbira katatu kuwauza. Amati, "Ndamva, mwana wanga," mawa lake n'kubwerezanso.

Awa ndi munthu amene ankaloweza mayina a ana makumi asanu ndi atatu sabata yoyamba ya telemu. Adada aakulu a Pius anayambanso chonchi, kufunsa chinthu chimodzi kasanu, ife n'kumaseka. Sindikufuna kudzasekanso.

Chonde muziwayang'ana. Kodi akudya? Moto amazimitsa akaphika? Amakutchulani dzina? Ndapempha tchuthi cha mu Ogasiti, ndipo ndibwera ndi galimoto kudzawatenga, afune asafune. Adzandida, koma bola andide ali pafupi. Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu,
Phyllis

Kaseye
20 Juni 2024

Mwana wane Phyllis,

Monire nawe. Tili makora, kwali iwe. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinali ku Misuku ku maliro a apongozi a mnzanga wa mu kwaya, ndipo kumene kuja foni imangokhala ngati mwala. Chichewa changa uchilandire mmene chiliri, n'cha kumsika.

Adada ako akudya, mwe, akudya chomene. Moto akuzimitsa. Kweni zina ndaona. Adula katoni ya sopo, ajambulapo timabokosi, aikapo zitsekerero za mabotolo, zina azipaka choko, zina makala. Amakhala pansi pa mango kuyambira m'mawa, kusuntha chimodzi, kulemba m'kope, kuyankhula okha. Ine poyamba ndinati adumbu anga, adada akowo, ayamba kuombeza, munthu wamkulu wa mumpingo! Nditayandikira kuti ndifunse anati, "Annette, usaponde bishopu wanga." Kuyang'ana pansi, bishopuyo ndi chitsekerero cha fanta.

Dzuwa likapendeka amakwera pachulu ndi mpando wawo, mphepo yonse iyi ya Juni, ati mlendo akudikira. Potsika amakhala ngati achokera kukhoti. Lachiwiri ndinawaperekera mbatata, anati, "Yewo, Eleanor." Amama ako a Eleanor agona zaka zisanu ndi chimodzi sono. Anazindikira okha, anaseka, ati ndavala chitenje chofanana ndi chawo. Chitenje chimenecho n'chatsopano, ndinagula chaka chino kwa amayi a ku Tunduma. Ine sindinaseke yayi.

Sono bwera uwatenge, ngakhale mtima ukundiwawa, chifukwa pamudzi pano a m'mimba imodzi tatsala awiri basi. Chimodzi undikhululukire. Kalata yako sindinawaonetse, monga unanenera. Ndinangowawerengera pang'ono. Anandifunsa chomwe ndimanunkhiza kukhitchini kwawo m'mawa uliwonse, ndipo ine bodza limandikanika.

Ndine ankhazi ako,
Annette Nalungwe

Kaseye, Chitipa
23 Juni 2024

Phyllis,

Moni ndikupatsa chifukwa moni sitimana munthu, koma ndakwiya. Magalasi ndinalandira, zikomo. Sindinadziwe kuti foni nayo inabwera ndi maso ake.

Unandipatsa masewera ngati mphatso, pomwe anali mayeso. Ine ndalembetsa mayeso zaka makumi atatu, ndipo sindinalembetsepo mwana osamuuza. Zandipweteka, mwana wanga.

Malangizo ako ndi awa: pakati, akavalo ndi mabishopu, mfumukazi idikire, mfumu pakona, osatengera. Ndakhoza zingati? Lomalizalo sindinaliiwale, ndinalikana. Kwathu kuno munthu akakupatsa moni umabweza moni. Akakhala pansi, nawe ukhala pansi. Akafunsa za ana ako, ufunsa za ake. Juma ndimampatsa anthu oyera, omwe amasuntha koyamba, kuti ayambe, poti mlendo ndiye ayamba kusamba m'manja, ndipo ine ndinkaona kuti kusuntha koyambirira ndi malonje basi. Ndinkati ngati ndichita zonse zomwe iye wachita, tingasiyane pati? Ndiye cholakwa ndinkachifunafuna kutsogolo, pakusuntha kwachinayi ndi kwachisanu. Tsiku lina ndataya kavalo, tsiku lina mfumukazi. Galu wamkota sakandira pachabe, kungoti ndinkakanda dzenje lolakwika.

Katoni yomwe ankhazi ako akuiyesa ula ndi yomwe yandionetsa. Moni amathera pakusuntha kwachiwiri. Kavalo wake akadya msilikali wanga, ameneyo salinso mlendo, walowa m'nkhokwe. Ukati nanenso ndikadye wake nthawi yomweyo, mfumukazi yake imabwera kudzaima moyang'anizana ndi mfumu yako, ndipo kuchokera apo ukungosankha woti afe. Uyenera kuyamba wamuthamangitsa kavaloyo ndi msilikali wa kutsogolo kwa mfumukazi yako. Akabwerera kwawo, ndiye nawe ukadye. Dzulo ndachita zimenezo. Ndaluzabe, koma patapita mphindi makumi anayi, ndipo Juma analemba mondiyamikira kuti, "Safi, mzee."

Tsopano mayeso tilembe poyera. Titsegule gemu yoyenda kamodzi patsiku, iwe ndi ine. Utenge oyera, uyambe monga Juma. Ndikafika pakusuntha kwakhumi mfumu yanga ili pakona, osataya munthu mwaulere, nkhani ya ku Lilongwe uyiike pansi, ndipo mu Ogasiti ubwere ngati mwana wodzaona bambo ake. Ndikalephera, ndilongedza ndekha. Mboni ndi ankhazi ako. Poti chinsinsi sasunga, palibe wa ife adzathe kukana.

Za dzina la amayi ako, munthu amene wakhala naye zaka makumi anayi sachoka pakamwa msanga.

Bambo wako,
E. Silungwe

Area 25, Lilongwe
26 Juni 2024

Adada,

Ndalakwa, pepani. Ndinkaopa kuti ndikakuuzani, foniyo muiponya m'nkhokwe. Koma ndinayenera kukuuzani.

Ndavomera. Kope ndi katoni n'zololedwa, kufunsa kwa Juma ayi. Ndipo musayembekezere chifundo, chifukwa ndikakunyengererani ndiye kuti ndadzinamiza ndekha. Gemu ndatsegula, ndaika kuti aliyense akhale ndi masiku asanu ndi awiri oganizira ngati netiweki yavuta. Msilikali wanga wapakati wayenda kale. Moni ndalemba m'kabokosi muja, ndafunsa za chimanga, za nkhuku ndi za ankhazi, kuti musadzanene kuti sindinaleredwe.

Mwana wanu,
Phyllis

Area 25, Lilongwe
6 Julayi 2024

Adada,

Mwakhoza, aphunzitsi! Dzulo kunali kusuntha kwakhumi, ndipo anthu anu onse ali pomwe ayenera kukhala. Kavalo wanga munamupirikitsa ngati mbuzi ya m'munda. Tsiku lomwe mfumu yanu inalowa pakona ndinali kuntchito, ndinakhala pabenchi n'kulira, mnzanga n'kumafunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Ndinamuuza kuti ayi, bambo anga abisa mfumu. Mpaka pano amandiyang'ana mokayika.

Ndinakutcherani misampha iwiri, musaganize kuti ndinagona. Yonse munailambalala. Lonjezo ndi lonjezo. Chipinda chija ndaikamo makina anga osokera, ndipo mu Ogasiti ndibwera pabasi ndi chikwama chimodzi. Mtima wanga wakhala pansi koyamba chichokere tsiku la ku Lufita lija.

Gemu tisaisiye. Zomwe ndimadziwa ine zathera pakayambidwe pomwepa, ndiye kuchokera apa tonse ndife a Sitandade Wani. Ndasuntha kale.

Mwana wanu wonyadira,
Phyllis

Area 25, Lilongwe
11 Julayi 2024

Adada,

Muli bwanji kodi? Masiku asanu simunasunthe, ndipo foni ikangoitana simukuyankha. Ankhazi akuti muli bwino, mukutonola chimanga pakhonde, koma pachulu simukukwera ndipo katoni yapachikidwa kudenga. Kodi mwakwiyabe? Kapena sola yafa? Ngati mukungondiopseza kuti ndiganize kuti mukukonza msampha waukulu, zatheka, ndaopa. Nthawi yanu pagemu itha Loweruka likangodutsa. Lembani ngakhale mzere umodzi.

Phyllis

Kaseye, Chitipa
13 Julayi 2024

Mwana wanga Phyllis,

Mwaghona. Sindinakwiye, ndipo batire ndi lodzaza. Kalata ino ndinayamba kuilemba Lachitatu. Makalata ena atatu apita pamoto.

Lolemba m'mawa ndinakwera pachulu n'kutsegula gemu yathu. Ndinayang'ana bolodi, anthu onse ali m'malo mwawo, koma sindinadziwe kuti anga ndi ati, oyera kapena akuda. Ndinati mwina ndi maso, ndinapukuta magalasi. Pamwamba ndinaona dzina lako, Nalungwe, monga amatchedwera ana aakazi a kwa Silungwe, koma ndinayamba kudzifunsa kuti ndi Nalungwe uti wa kwathu amene amadziwa tchesi. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika paliwombo. Kenako zonse zinabwerera nthawi imodzi, ndipo ndinalira, mwana wanga, ine mphunzitsi wamkulu, nditakhala pachulu.

Palibe amene anaona. Ndikanatha kukhala chete, poti mayeso ndakhoza ndipo mboni ilipo. Koma ndinakudzudzula chifukwa chondibisira, ndiye ine sindingakubisire. Ndikuuzenso china. Mwa magemu khumi ndi imodzi aja, anayi kapena asanu anali makani anga, monga ndinanenera. Enawo ndinawapeza m'kope atalembedwa ndi dzanja langa, koma kuwasewera sindikukumbuka. Mayeso athu sindinabere. Kungoti posuntha kamodzi patsiku, munthu amasankha ola lomwe mutu uli bwino.

Ndiye makina osokera uwachotsemo. Ubwere ndi galimoto, koma osati kumayambiriro kwa Ogasiti. Undipatse mpaka kumapeto. A Pius anachoka pamudzi pano osatsazika munthu, chifukwa pomwe tinkawanyamula sankadziwanso woti amutsazike. Ine ndikufuna kuyenda ndi miyendo yanga khomo ndi khomo, kukhala pansi, kufunsa za ana, ndi kutsazika aliyense pomutchula dzina lake. Ndawerenga makomo makumi atatu ndi anayi, ndipo lomaliza ndi la amayi ako pamtunda paja. Nkhuku ndisiyira ankhazi ako. Ndawauza dzulo, anangotenga tsache n'kusesanso bwalo lomwe anali atasesa kale. Juma ndamulembera kuti ndikusamuka. Wati netiweki ya kumeneko ndi yabwino, ndiye azindidya mofulumira.

Gemu yathu ndasuntha lero nthawi isanathe. Usaithetse. Tsiku lomwe udzaone kuti ndasuntha zopusa, udzadye, usadzandimvere chisoni. Ndi mmene uzidziwira pomwe tafika.

Lolemba ndiyambira kwa a Simwaka kutsidya kwa dambo, poti ndiko kutali. Mayina onse ndawalemba papepala, ndipo pepalalo lili m'thumba la jekete. Undipempherere kuti ndimalize makomo onse ndisanalitulutse.

Ndine bambo wako,
Esau Silungwe